Mlendo wa Masiku Atatu

Nyumba yanga ya ku Area 25 ndinaimanga pang'onopang'ono, njerwa chaka chino, malata chaka chamawa, mpaka zaka zisanu ndi chimodzi zinatha. Ife timakhala ku Kawale, m'nyumba imene bambo anga anatisiyira atapuma ntchito yoyendetsa galimoto n'kubwerera kwawo ku Thyolo. Koma puloti ya ku 25 inali yangayanga, yogula ndi thukuta langa la pa ofesi, ndipo ndinkaitchula pafupipafupi moti anzanga ankangomva "ku 25" n'kuyamba kuyang'ana mafoni awo. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri zogona, balaza ndi khitchini. Kutsogolo, pafupi ndi geti, kunali kachipinda kamodzi kamene amisiri ankasungiramo simenti.

Poyamba ndinaikamo anthu a lendi ya pamwezi monga amachitira aliyense. Banja loyamba linkakoleza mbaula pa balaza, moti pamene linkatuluka siling'i inali bii ngati kunsi kwa poto. Lachiwiri linkaweta zinziri m'bafa. Tsiku limene a zinziriwo anasamuka ndinakhala pa khonde nditagwira tsaya, nthenga zikuuluka pabwalo.

Sabata yomweyo mnzanga wa ku ntchito ananditengera ku msonkhano wa amayi ochita bizinesi m'holo ina m'tauni. Wophunzitsa anali bambo wa suti yothina, wolankhula akuyendayenda. "Amayi," anatero, "lendi ya pamwezi ndi ya makolo athu. Masiku ano nyumba mumaibwereketsa kwa masiku awiri kapena atatu, kwa anthu obwera mu Lilongwe muno ku maukwati, ku misonkhano, kudzatenga pasipoti. Inu mungoika zithunzi pa intaneti, basi. Ndalama zizikugwirirani ntchito inu mukugona." Ine tulo ndimatikonda. Mawu amenewo ndinawalemba m'kope n'kujambula mizere iwiri kunsi kwake.

Amuna anga atamva anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Ndiye kuti m'nyumba muno muli investa tsopano? Ana inu, apatseni mpando mayi anu."

Ine ndinangoyamba ntchito. Ndinapentetsa nyumba, ndinaikitsa matailosi, tanki ya madzi ndi sola. Ndinagula mabedi, maneti a udzudzu, ketulo, kafiriji ndi mbaula ya gasi. Ndinalemba malamulo a pa nyumba, ndinawakuta ndi pulasitiki n'kuwamata kuseri kwa chitseko. Alendo anayambadi kubwera, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinazindikira chimene bambo wa suti uja anaiwala kutiuza, kuti mashiti sadzichapa okha. Mlendo ankaimba foni ndili pa ntchito kuti ali pa geti, ine n'kunamizira mutu kwa abwana, n'kuthamangira minibasi. Loweruka lililonse ndinkadutsa tauni yonse, kuchoka ku Kawale mpaka ku 25, kukakolopa ndi kuchapa. Ndikabwera manja atatuwa ndi sopo, amuna anga ankandilandira pa khomo mwaulemu kwambiri.

"Pepani a investa. Ndalama mwazisiya zikugona bwino?"

Amene anandipulumutsa anali bambo anga. Nditawadandaulira pa foni anati, "Bwanji osatenga azakhali ako? Angokhala kuno, akukangana ndi nkhuku."

Azakhaliwo ndi mlongo wawo wa bambo, wamng'ono kwa iwo. Pa nthawiyo anali atangopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Amuna awo anali atamwalira kalekale, ndipo ana awo awiri anali ku Joni. Ali mtsikana anagwirapo ntchito m'nyumba za mabwana a ku minda ya tiyi, komwe anaphunzira kuyala bedi mosalala moti munthu umachita manyazi kugonapo. Anatsika basi ali ndi chikwama chimodzi, mkoko wa nthochi ndi ayironi ya makala, imene anakana kuisiya ngakhale ndinawauza kuti ya magetsi ilipo. Kachipinda ka simenti kaja ndinali nditakakonza bwino kuti akhalemo. Koma asanaone n'komwe pogona pawo, analowa m'nyumba ya alendo, anayendetsa chala pamwamba pa chitseko n'kundionetsa.

"Anthu amagona muno?"

"Eya, azakhali."

"N'kulipira?"

"Eya."

"Anthu a m'tauni ndi opirira."

Ndinawafotokozera ntchito yawo. "Mlendo akafika mumupatse moni, mumuonetse bafa ndi poyatsira sola, mumupatse makiyi, kenako mumusiye. Anthu amenewa amafuna kukhala paokha."

"Munthu achoke ku Karonga konse kudzakhala payekha kuno?" anandifunsa. Ndinati inde. Anavomera ndi mutu, ndipo ndinaona kuti mawu anga alowera khutu ili n'kutulukira linali.

Pafupi ndi geti pali mtengo wa mango. Azakhali anaikapo mipando iwiri, ndipo mlendo aliyense ankayamba wakhala pamenepo asanaone makiyi. Kwanu n'kuti? Mwabwerera chiyani? Mumapemphera kuti? Mwadya? Akabwera awiri, bambo ndi mayi, pankakhala funso lina lowonjezera: "Ukwati wanu munadalitsira mpingo uti?" Awiri ena atafunsidwa choncho anangoyang'anana n'kutembenuka, zikwama zili m'manja.

"Azakhali, mukundithamangitsira makasitomala," ndinadandaula.

"Ndawathamangitsa ine? Ndangofunsa funso limodzi. Miyendo ndi yawo."

Kunena zoona, funso limenelo linandithandizanso. Amayi a m'makomo oyandikana anali atayamba kale kunong'onezana kuti ndatsegula resiti hausi pakati pa mabanja a anthu. Azakhali atafika n'kulowa kwaya ya amayi pa tchalitchi cha pafupi, manong'onong'owo anazilala. Ndemanga za alendo pa intaneti nazo zinasintha. Wina analemba kuti nyumba ndi yaukhondo koma mayi wa pa geti salola munthu kutuluka asanamwe tiyi. Mtsikana wina wochokera kunja analemba kuti anakalipiridwa chifukwa choyenda wopanda juzi, ndipo anasangalala kwambiri. Onse ankapereka nyenyezi zisanu. Nditawawerengera azakhali anafunsa kuti, "Nyenyezi zimenezo amazisiya kuti? Ine pokolopa sindinazione."

Mwezi wa Juni, chisanu ndi fumbi zili pakati, anandiimbira mayi wina amene amagwira ntchito ku Mzuzu. Ankafuna kusungitsa malo a masiku atatu. "Ndi a bambo anga," anatero. "Akuchokera ku Ntchisi kudzalongosola mapepala awo a penshoni. Anali mphunzitsi wamkulu. Ndi munthu wachikulire, sakonda phokoso."

Anafika Lamulungu masana, ine ndili komweko. Anatsika pa kabaza munthu wamtali, wochepa thupi, wovala jekete ya bulawuni ndi tayi, envulopu ya khaki ili m'khwapa, ambulera ili m'manja ngakhale kunalibe ndi kamtambo komwe. Mafunso a pansi pa mango anawayankha onse mwadongosolo, ngati anawakonzekera. Akazi awo anamwalira, ana anakula, iwo ndi mkulu wa mpingo kwawoko, ndipo anali atadya kale pa Mponela. Titalowa m'nyumba anaima kuseri kwa chitseko n'kuwerenga malamulo anga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa cholembera chofiira.

"Amayi, chipepalachi adalemba ndani?"

"Ndine, aphunzitsi."

"Apa mwalemba kuti musasute fodya mnyumba. Pakati pa m ndi n pamafunika nkhodolero." Anaika kachizindikiroko pa pulasitiki pomwepo, anapezanso zolakwika zina ziwiri, n'kubweza cholembera m'thumba ali wokhutira.

Azakhali anandikoka chitenje titatuluka panja. "Abambo awa abwera kudzagona kapena kudzachonga mayeso?"

Masiku atatu amenewo foni yanga sinapume. Lolemba azakhali anaimba kuti aphunzitsi akuwanyoza, chifukwa adzuka m'mamawa n'kuyala okha bedi, ndiponso ayala mokhota. Lachiwiri anaimba kuti aphunzitsi anena kuti tiyi wawo ndi wowawa kwambiri. "Munthu wa ku Ntchisi andiphunzitse ine za tiyi? Ine wobadwira m'munda wa tiyi?" Madzulo a tsiku lomwelo anaimbanso. Aphunzitsi anali atawakonza Chichewa, kuwauza kuti za kalekale timati ndidabwera, osati ndinabwera. "Ndawauza kuti kaya ndi na kaya ndi da, kubwera anabwera, ndipo mawa azipita."

Koma mawa lakelo amene anaimba anali aphunzitsi. "Amayi, mapepala ayenda bwino ndithu, koma kwatsala siginecha imodzi. Kodi ndingaonjezere masiku anayi?"

Ndinavomera ndi mtima wonse, poti nyumba inalibe wina woisungitsa. Sabata itatha anapita kwawo. Patadutsa masabata awiri anaimbanso okha, osadzeranso kwa mwana wawo, kuti aitanidwa ku ofesi kuja. Anabwera ndi thumba la mbatata ya kachewere ndi nyemba. Anakhala masiku asanu. Mu Julayi anabwera kawiri, mu Ogasiti chimodzimodzi, ndipo nthawi zonse nkhani inali yomweyo ya siginecha. Ankalipira tsiku lofika, asanavule n'komwe jekete. Ine ndinkayenda modzimva. Ndinauza amuna anga kuti bizinesi ikafika pokhala ndi kasitomala wobwerabwera ndiye kuti yakhwima.

Panali zinthu zina zimene ndinkaziona koma osazilumikiza. Geti limene linkalira chimangireni linasiya kulira. Kuseri kwa tanki kunamera mizere ya mpiru ndi tomato, yowongoka ngati yoyezera chingwe. Mafoni odandaula aja anatha. M'malo mwake azakhali anandituma magalasi owerengera, kenako mafuta odzola onunkhira bwino, kenako anandipempha kuti ndiwaphunzitse kulemba uthenga pa foni. Ine ndinkangoti tauni yayamba kuwalowa.

Tsiku lina banja la ku Blantyre linafuna nyumba yonse kwa sabata, kuti lidzakhale nawo pa ukwati. Nditawauza azakhali anayankha msanga kuti, "Usawalandire. Mpopi wa ku bafa ukudontha kwambiri, ungachite manyazi." Ndinawakana anthu aja n'kutumiza mmisiri wa mipopi. Mmisiriyo anandiimbira kuti wayang'ana paliponse koma palibe pamene pakudontha. Sabata yomweyo aphunzitsi anatulukira ndi ambulera yawo, n'kupeza nyumba ili yopanda munthu.

Loweruka lina amuna anga anapita ku 25 kukasiya gasi. Anabwera akuseka okha m'galimoto.

"Mwaona chiyani?" ndinawafunsa.

"Palibe. Bizinesi yanu ikukula bwino."

"Nanga mukusekeranji?"

"Ndikusangalala nanu."

Chimene chinandivuta ine chinali chisoni. Ndinkaganiza za munthu wamkulu chotero, amene anaphunzitsa ana a anthu moyo wake wonse, akukhala pa mabenchi a m'maofesi miyezi itatu chifukwa cha siginecha imodzi, uku kandalama kake kakuthera pa mabasi ndi pa nyumba yanga. Ndinakumbukira kuti mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku sekondale amagwira ntchito pa ofesi yomweyo. Ndinamuimbira, ndinamufotokozera za aphunzitsi, n'kumupempha kuti aone pamene mapepala aima. Mawa lake anandiimbira akulephera kulankhula ndi phwete.

"Ukunena abambo a ambulera aja? Zawo zinatha sabata yoyamba yomwe ija. Zonse zinasainidwa, kalata yawo anatenga m'manja mwanga."

"Nanga amadzatani kumeneko?"

"Amabwera kudzatipatsa moni. Amakhala pa benchi n'kuwerenga nyuzi, ikakwana leveni koloko amayang'ana wotchi, amati ndachedwa, n'kumapita. Ife timangoti ndi mmene amakhalira anthu opuma ntchito."

Ndinaika foni pansi. Ndinaganiza zambiri, ndipo zonse zinali zoipa. Mwina mutu wayamba kuwasokonekera. Mwina kwawo anathawa mlandu. Mwina ali ndi kamtsikana m'tauni muno, ndipo nyumba yanga, ndi azakhali anga a kwaya ali pa geti pomwepo, yasanduka chimene aneba ankanena chija. Za azakhali enieniwo sindinaganizeko ngakhale pang'ono. Kwa ine azakhali anali azakhali basi, munthu wa ayironi ya makala.

Loweruka masana ndinakwera minibasi osauza aliyense. Ndinatsika pa siteji ya Nsungwi, ku 25 komweko, n'kuyenda wapansi, ndikukonza m'mutu mawu aulemu ofunsira munthu wamkulu chifukwa chake akunama. Geti linatseguka mwakachetechete. Pansi pa mango panalibe munthu, koma kuseri kwa nyumba, kumene timayanika zovala, kunkamveka kuseka. Ndinazungulira.

Ankapinda shiti. Azakhali anagwira makona awiri, aphunzitsi awiri enawo, akuyenda kukumana pakati. Aphunzitsi anali opanda jekete, manja a malaya atawakwinya mpaka m'zigongono. Azakhali anali ndi duku latsopano ndi magalasi aja, ndipo ankaseka ndi mawu amene ine sindinawamvepo chibadwire.

"Mwakhotetsanso, aphunzitsi!"

"Ndakhotetsa dala, amayi, kuti tiyambirenso."

Ndinatsokomola. Azakhali anataya makona awo, shiti yoyera inagwera m'fumbi, ndipo sanaitole. Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti nkhaniyi ndi yaikulu.

Aphunzitsi anapinda shitiyo okha mofatsa, anaiika pa chingwe, anati ndiwadikire pang'ono n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atavala jekete, mabatani onse atamanga. Anatipempha kuti tikakhale pansi pa mango. Ine ndi azakhali tinakhala pa mipando, iwo anaimirira ngati ali pa mzere wa m'mawa ku sukulu.

"Amayi, ndili ndi mlandu kwa inu. Ndidakunamizani."

"Siginecha ija yapezeka, aphunzitsi?" ndinafunsa. Sindinathe kudzigwira.

"Idapezeka kale. Ndikuona kuti mwamva." Anakonza tayi. "Ndikufotokozereni. Akazi anga adatisiya zaka zinayi zapitazo. Nyumba ndi yaikulu, ana ali kutali. Ndimadya ndi wailesi. Tsiku lachitatu lija ndidamanga chikwama kuti ndizipita. Amayiwa adandipeza ndikumwa mankhwala anga a shuga ndisanadye kanthu, ndipo adandikalipira kwambiri. Adandilanda kapu m'manja n'kukandiphikira mbatata. Nditabwerera m'chipinda ndidakhala pa bedi, chikwama chili pambali, n'kukumbukira kuti padatha zaka zinayi popanda munthu wondikalipira. Ndidaona kuti sindikufuna kupita. Koma munthu wa msinkhu wanga sangauze mwini nyumba kuti ndikufuna kukhala kuti andikalipirenso. Ndiye ndidatchula siginecha."

Anapitiriza kuti mawu awo anali atawapereka kale kwa azakhali katatu. Katatu konseko azakhali anayankha kuti nkhani zotere amakamba ndi achimwene awo ku Thyolo, koma nambala ya achimwenewo ankakana kupereka.

Ndinatembenukira kwa azakhali. Anali akuyang'ana nyerere pansi. "Ine sindikudziwa kanthu," anatero. "Ndikumvera pomwe pano ngati iweyo." Anadzuka n'kukalowa m'kachipinda kawo.

Ndinawatsatira. Anali atakhala pa bedi, akupinda ndi kutambasula magalasi. Ndinakhala pambali pawo.

"Undiseka?" anafunsa.

"Ayi, azakhali."

"Achimwene andiseka. Ana anga andiseka. Amayi a kwaya ndiye adzachita kugwa pansi. Nkhalamba ngati ine."

"Inuyo mukufuna?"

Anaika magalasi aja pa bedi. Kenako anati, "Amandiwerengera nyuzi. Akamaliza amandifunsa kuti ineyo ndikuganiza bwanji, ndipo amadikira kuti ndiyankhe. Malemu amuna anga anali munthu wabwino, sanandimenyepo. Koma zaka zonse zija sanandifunsepo chimene ndikuganiza." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Komanso nyumba yakoyi ndingaisiye ndi ndani?"

Ndivomere pano kuti funso limenelo linali litafika kale m'mutu mwanga iwo asanalifunse, ndipo ndinachita nalo manyazi. Ndinawauza kuti nyumba isawadetse nkhawa. Kuti asapitirize kulira ndinawagunda ndi phewa. "Koma azakhali, anthu aja munawabweza pa geti aja, atamva zimenezi..."

"Khala chete iwe! Abambo amenewa sanapondepo pakhomo la chipinda chino. Tiyi timamwera pansi pa mango, aliyense akuona. Kafunse aneba onse."

"Nanga mpopi uja unkadontha?"

"Unkadontha pang'ono," anatero, ndipo anayamba kuseka misozi ili m'masaya.

Bambo ndinawaimbira pomwepo, azakhali atandigwira dzanja kuti ndisaimbe koma osalimbitsa. Ndinafotokoza zonse. Bambo atamva anati, "Ndinakutumizira mlongo wanga kuti akuthandize kuchapa, iwe wamuika pa intaneti?"

"Ayi bambo, ndinaika nyumba yokha."

"Ndi munthu wotani?"

"Mphunzitsi wamkulu wopuma. Mkulu wa mpingo."

"Amamwa?"

"Tiyi, koma wosawawa kwambiri."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako mawu awo anatsika. "Mupatse foni mlongo wangayo." Ndinawapatsa n'kutuluka. Analankhulana nthawi yaitali, ndipo zimene anakambirana sindikuzidziwa mpaka lero. Ndinakakhala ndi aphunzitsi pansi pa mango, iwo akundifotokozera mmene amathirira mpiru, thukuta likuwatsika ngakhale kunali mphepo.

Mwana wawo wa ku Mzuzu anandiimbira patatha masiku awiri. Anali atada nkhawa miyezi yonseyi. "Ndimaganiza kuti apeza kamtsikana ka m'tauni kakuwadyera penshoni," anatero. Atamva zaka za azakhali anapumira m'mwamba. Funso lake linali limodzi lokha, ngati mayiwo angathe kuwakakamiza bambo ake kumwa mankhwala pa nthawi yake. Ndinamuuza kuti pa nkhani yokakamiza asade nkhawa.

Ankhoswe anakumana mu Seputembala pa balaza la nyumba yomweyo. Bambo anabwera pa basi atavala tayi, imene sindinawaonepo nayo chipumireni ntchito, kuti asaoneke otsalira pamaso pa mphunzitsi. Ukwati unadalitsidwa mu Novembala mvula isanayambe, m'mawa, pa tchalitchi cha azakhali. Amayi a kwaya sanagwe pansi. Anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo ndi iwo amene anaphika. Phwando linali pabwalo langa. Abale a ku Thyolo ndi a ku Ntchisi anadzaza nyumba masiku anayi, ena kugona mpaka ku khitchini, ndipo ine pa intaneti ndinangolemba kuti malo adzaza. Amuna anga, amene anapatsidwa ntchito yoyendetsa mwambo, analengeza pa chimkuzamawu kuti chiyambireni bizinesi ya akazi awo, limeneli ndi phindu loyamba limene iwo aliona ndi maso. Anthu anaomba m'manja, ine ndikuyang'ana kumbali.

Azakhali atapita ku Ntchisi ndinalemba ntchito mayi wina wa ku Mgona, wolimbikira ndiponso wosalankhulalankhula. Nyumba ikuyendabe. Miyezi ina imadzaza, makamaka nthawi ya maukwati ndi yogulitsa fodya, miyezi ina imangokhala. Loweruka lina ndi lina ndimapitabe kukathandiza kuchapa.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola, ndinapita kukawaona ku Ntchisi. Nyumba ya aphunzitsi ili pamtunda, ya khonde lalitali, ndipo mphepo yake ndi yolowa m'mafupa. Azakhali anali atanenepa pang'ono. Atandilandira anandionetsa nyumba yonse, kenako ananditengera kuseri, kumene kunali chipinda china chopentedwa kumene, chokhala ndi khomo lakelake. Munali mabedi awiri, ndipo pansi pa bedi lina panali nsapato za munthu.

"Muli alendo?" ndinafunsa.

"Ogula soya," anatero, akuyang'ana kudenga. "Amabwera sabata imodzi, awiri awiri, ndiye amavutika pogona. Chipindachi chinkangokhala. Akachoka amenewa kukubwera alangizi a zaulimi."

"Azakhali, mwatsegula bizinesi?"

"Bizinesi yanji? Ndikungothandiza anthu." Anatseka chitseko. "Koma amalipira."

Ndinakhala masiku awiri. Tsiku lonyamuka anandiperekeza ku msewu, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Azakhali anandikolowekera mkono, akundinong'oneza kuti ndikafika m'tauni ndiwatumizire maketulo awiri ndi matawulo anayi, koma ndisawauze aphunzitsi mtengo wake chifukwa amadandaula. Aphunzitsi ankabwera m'mbuyo mwathu akukankha njinga, atamangirira thumba la mtedza woti ndikapatse ana. Pokwera chitunda ankaima kuti apume, ndipo nthawi iliyonse azakhali nawo ankaima, osatembenuka, n'kuyamba kundionetsa munda wa munthu wina mpaka amve kuti njinga yayambanso kuyenda.

Minibasi itafika kondakitala anaponya thumba kumbuyo, ine ndinapeza mpando wa pa windo. Pamene tinkanyamuka iwo anali atayamba kale kukangana za njira yobwererera. Aphunzitsi ankaloza msewu waukulu ndi dzanja, azakhali ankaloza kanjira kachidule kodutsa ku dambo. Tisanakhote ndinawaona akutsetserekera ku dambo, azakhali patsogolo, aphunzitsi ndi njinga yawo pambuyo, akulankhulabe.